Mmene Ndinametera Amalume Anu

Tadala, tsitsa mapazi pa mpandopo. Iwenso Mphatso, chotsa zam'makutuzo, ndikufuna ndiwaone makutuwo ali poyera. Mayi anu akuti sabata yamawa mukukwera ndege ya ku Thailand, ndiye andituma kuti ndikuuzeni za kumeneko, popeza ine ndinakapondako inu musanabadwe. Pa foni mwaona kale njovu zikusamba mumtsinje, nyanja yobiriwira ndi akachisi agolide. Zonsezo ziliko, sanakunamizeni. Koma ine sindinapite kukaona njovu. Njovu ndinazionera ku Kasungu zikudya chimanga cha anthu, ndipo sizinandisangalatse. Ndinapita kukameta mwana wanga, amalume anu a Fatsani. Mukandiyankha m'Chingerezi palibe kanthu, bola mumve.

Ndinabwera kuno ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nditagwira unamwino nthawi yaitali ku Dedza ndi ku Lilongwe. Agogo anu aamuna anali atamwalira kale. Woolwich wa masiku amenewo sanali uyu wa nyumba zamagalasi. Sitima yothamanga imene mumakwera lero kunalibe, ngakhale kasitima ka DLR kanali kasanawoloke mtsinje kufika kuno. Tinkayenda pa basi basi. Kuimba foni kumudzi unkayamba wakagula kakhadi ku Peckham, n'kukanda kumbuyo kwake, n'kudina manambala ataliatali, ukalakwitsa imodzi kuyambiranso. Anthu a pakhomo ankafola kuti aliyense akupatse moni, ndipo usanafike pa nkhani imene waimbira, kakhadi katha. Inu lero mumaonana nkhope ndi anthu a ku Dedza muli chigonere, n'kumadandaula kuti chithunzi chikuchedwa.

Nditakhazikika ndinaitanitsa ana anga awiri, mayi anu ndi Fatsani. Fatsani anaphunzira za makompyuta ku Greenwich, ndipo atamaliza anapeza ntchito m'nyumba zazitali zija za kutsidya kwa mtsinje. Amayi a kutchalitchi ankandiyamikira kuti ndabereka. Ine ndinkangovomera, koma diso la namwino silipita pa holide. Mwana ankaonda. Pa tebulo mwendo wake unkangonjenjemera mpaka masupuni kulira, zikhadabo anazidya zonse, ndipo m'bafa ndinkapeza mabotolo a mapilisi ogonetsa. Ndikamufunsa yankho linali limodzi: "Ndili fine, Mami, ndi pressure chabe ya ku office."

Kenako anabwera ndi Noi. Ee, Anti Noi omwewa a lesitilanti ya ku Greenwich, amene amakupatsani mango ndi mpunga womata. Tsekani pakamwa, mulowa ntchentche. Nthawi imeneyo anali kamtsikana kochepa thupi, kophunzira masana n'kumathandiza azakhali ake kuphika madzulo. Tsiku loyamba anavula nsapato pakhomo, anaphatikiza manja n'kuwerama, ndipo ine nditakhala pa sofa iye anakhala pansi. Ndinati mumtima, uyu analeredwa. Ulendo wachiwiri anabwera ndi kamtondo kadothi n'kusinja papaya wamuwisi ndi tsabola m'khitchini mwanga. Chichokereni kumudzi ndinali ndisanamve kulira kwa munsi. Ndipo ndinaona kuti Noi akakhalapo, Fatsani ankadya mpaka kumaliza mbale.

Lamulungu lina tikuchokera ku tchalitchi ku Peckham, tili pamwamba pa basi, Fatsani anati, "Mami, bambo ake a Noi avomera za ukwati. Koma akuti ndiyambe ndameta."

Inu mukamva kumeta mumaganiza za kwa ometa tsitsi a pa msika wa Woolwich. Kwathu mawu amenewo ndi olemera. Timameta pa maliro, munthu akaikidwa, kuti tichotse chisoni. Ndiponso ku Dedza mnyamata akati wameta, ndiye kuti walowa kudambwe, ku gule wamkulu, kumene ife a mpingo sitinkapondako. Fatsani ali mnyamata, achimwene anga anakonza zomutengera kumeneko, ine ndinamukweza lole ya mbatatesi kupita ku Lilongwe kuti akakhale kwa azakhali ake mpaka nyengoyo itadutsa. Achimwene sanandiyankhule chaka chathunthu. Ndiye taganizani, ndamuthawitsa mwana ku Dedza, ndamuwolotsa nyanja, n'kudzamva mawu omwewo pa basi ya ku London.

"Kumeta kwa chiyani?" ndinafunsa.

Anandifotokozera. Kwa Abuda a ku Thailand, mnyamata asanakwatire amalowa kukachisi kwa masabata ochepa. Amameta mpala, amavala nsalu ya amonke, ansembe a chipembedzo chawocho, amaphunzira kudziletsa, kenako amatuluka n'kukakwatira. Amene sanalowepo amamutcha munthu wamuwisi.

"Kwathu timati wosavinidwa," ndinatero. "Palibe chachilendo pamenepo."

"It's just a few weeks, Mami. Ndatenga kale leave. Koma vuto ndi loti amonkewo salandira munthu popanda chilolezo cha makolo, ndipo tsitsi loyamba amadula ndi mayi ake. Mukakana inu, basi, wedding palibe."

Nkhaniyo ndinapita nayo kuchipatala. Ndinakauza mnzanga wa kuntchito, Amake Bwalya, mayi wa ku Lusaka wosadziwa kunong'ona. Anaimika trole ya mankhwala pakati pa khonde. "Imwe amake Fatsani, muzamupeleka mweka mwana ku mafano? Ine ningakane. Benangu bakangena kuja sibachoka, bamankalilila." Mawu oti ena akalowa satulukawo anandikhala pamtima kuposa za mafanozo. Ndinakafunsa Noi ngati n'zoona. Anati alipo ena amene satuluka, koma ndi ochepa, ndipo Fatsani sangathe tsiku limodzi wopanda khofi ndi foni. Tinaseka tonse awiri. Komabe ndinaona pamene ndinaima: ndikakana, ndimulanda mwana munthu yekhayo amene ankamudyetsa, ndikalola, ndikhoza kumupereka kumene sakabwerako. Ndinapemphera, ndinalola, ndinapempha tchuthi kuntchito.

Ku Bangkok kutentha kwake ndi kwa ku Nsanje mwezi wa Okutobala, kuwonjezapo chinyezi. Noi anayamba wandizungulitsa mumzinda, ndikuganiza kuti ankafuna kundifewetsa. Tinakwera maboti a pamtsinje, osati aulemu aja a ku Greenwich amene amadikira kuti ukhale pansi. Awa amangogunda pa doko, mnyamata aliza wezulo, wadumpha wadumpha, watsala watsala. Anandionetsa Buda wagolide wogona cham'mbali, wamtali kuposa wodi yathu yonse ya kuchipatala, ndi mapazi ake olembedwa maluwa. Pakhomo pa kachisi aliyense umavula nsapato, ndipo mapewa ndi mawondo ayenera kubisika. Azungu a makabudula ankawabwereka nsalu pageti n'kumavutika kumanga. Ine ndi chitenje changa ndinangodutsa. Iwe Tadala, ndikupatsa zitenje ziwiri, ndipo usakakhale motambalala mapazi kuloza Buda kapena munthu wamkulu, kumeneko n'kutukwana.

Tinapitanso ku Ayutthaya, mzinda wakale wa mabwinja a njerwa zofiira, kumene mutu wa Buda wamwala unakodwa m'mizu ya mtengo wonga kachere. Anthu ankagwada kuti ajambulitse, chifukwa mutu wako suyenera kukhala pamwamba pa mutu umenewo. Ine sindinagwadire fano lililonse ulendo wonsewo. Ndinkaima kumbuyo manja ali kumsana, ndipo palibe anandikakamiza kapena kundiyang'ana moipa. Chimene ndinasangalala nacho kwenikweni ndi msika. Ndinapeza mayi akugulitsa ziwala ndi nkhululu zokazinga, alendo akungojambula n'kumachita tsinya. Ndinagula pepala lodzaza n'kudya pomwepo. Mayiyo anaitana anzake kuti adzaone. Mphatso, usachite nkhope imeneyo, iwe umadya nkhanu za m'nyanja zimene ndi ziwala zomwezo zonyowa.

Kwawo kwa Noi ndi kumudzi, kumpoto chakum'mawa, ulendo wautali pa sitima. Minda ya mpunga mbali zonse, njati zolimira, nyumba zokwezedwa pa mitengo. Pakona pa bwalo lililonse pali kanyumba kakang'ono pa mzati, kokhala ndi maluwa ndi botolo la chakumwa chofiira, ka mizimu ya pamalopo. Agogo anga anali nako kotere pansi pa mtengo, amishoni asanawaletse. Makolo a Noi anandilandira bwino. Sitinkamvana chinenero, koma mayi ake anandigwira mkono n'kundionetsa nkhuku zawo imodzi imodzi, ndipo zimenezo ndinazimva.

Tsiku lometa, anamukhazika Fatsani pa mpando wapulasitiki pansi pa mtengo pabwalo la kachisi wa m'mudzimo, atafunda kansalu m'mapewa, manja ataphatikiza. Mudzi wonse unabwera kudzaona munthu wakuda akulowa umonke. Anandipatsa sizasi, ndipo Noi anagwira tsamba lalikulu la duwa la m'madzi lolandirira tsitsi. Ndinadula pang'ono pamwamba pa khutu. Achibale a Noi anadulako aliyense, kenako mmonke wamkulu, nkhalamba yopanda mano akutsogolo, anatenga lumo kuti amalize. Lumo linakana. Linazolowera tsitsi loterera, apa linakumana ndi la ku Dedza. Nkhalambayo inayesa uku, inayesa uko, inaseka, n'kuika lumolo pa kansalu n'kundikankhira. Ndinapempha sopo ndi madzi ofunda, ndinamumeta ndekha mutu wonse.

Ndinali nditamumetapo kotere kamodzi kokha ali wamkulu, pa maliro a bambo ake. Manja anga anakumbukira tsiku limenelo, ndipo ndinalira. Amayi a m'mudzimo anandisisita pamsana. Noi anati akunena kuti ndachita bwino, mayi aliyense amalira pamenepa. Nsidze anameta ndi mmonkeyo, ndipo nkhope imene inatsala sindinaizolowere msanga.

M'mawa mwake kunali chikondwerero, ng'oma, zitoliro, akazi kuvina pamsewu. Fatsani anavala zoyera. Tinazungulira kachisi, ine nditanyamula nsalu zake zachikasu, Noi atanyamula pilo, chifukwa kumeneko pilo amanyamula ndi mkazi wodzakwatiwa naye. M'katimo amonke anamufunsa mafunso m'chinenero chawo chakale, Noi n'kumandinong'oneza tanthauzo. Kodi ndiwe munthu? Kodi ndiwe mwamuna? Kodi uli ndi matenda akutiakuti? Funso loyambalo linandiseketsa. Kenako anafunsa ngati makolo ake alola. Anayankha kuti alola, osatembenuka kundiyang'ana.

Kuyambira pamenepo malamulo anasintha. Mkazi samukhudza mmonke, ngakhale mayi wake womubereka. Ukafuna kumupatsa chinthu, iye amayala kansalu, iwe n'kuikapo. Anamupatsa dzina latsopano limene mpaka lero lilime langa limapunthwa nalo. Mayi ake a Noi anandiuza kuti tsopano ndizimuyankhula mwaulemu ngati munthu wamkulu, ndizikhala pansi iye ali pamwamba. Kwathunso zimatero, mnyamata akameta mayi ake amasiya dzina laubwana. Kukhala pansi ndinalola. Koma ndinati mwana amene ndinamuchapira matewera sindingamunene kuti inu kwa masabata ochepa okha. Popeza m'mudzimo munalibe wina womva Chichewa, ndinapitiriza kumuti iwe, ndipo iye sanadandaule.

M'mamawa uliwonse amonke ankadutsa pamsewu pamzere, opanda nsapato, aliyense ndi mbale yake yakuda. Ife tinkavula nsapato, kugwada pa mphasa, n'kumaika mpunga womata m'mbalezo. Fatsani ankakhala kumapeto kwa mzere monga wamng'ono. Ndinaika mpunga m'mbale mwake, iye anatseka chivundikiro n'kupitirira, maso ali pansi. Zikomo palibe. Mwana amene ndinamuphunzitsa zikomo ndi khofi la kumbuyo kwa dzanja! Ndinadandaula kwa Noi. Anandiuza kuti mmonke sathokoza, wothokoza ndi woperekayo chifukwa wapatsidwa mwayi wochita chabwino. Ndinati dongosolo limeneli anyamata ambiri a ku Woolwich angalikonde.

Masana ndinkapita kukachisi kukakhala pamthunzi. Ntchito ndinalibe, ndiye ndinkangomuyang'ana monga ndimayang'anira odwala. Ankasesa masamba ndi tsache lalitali, pang'onopang'ono, mphepo n'kugwetsa ena, iye n'kuyambiranso osakwiya. Amonke sadya dzuwa likapendeka, komabe masaya ake anayamba kudzaza. Akakhala pansi mwendo uja unali phee. Zikhadabo zinamera. Mmonke wamkulu uja anandiuza kudzera mwa Noi kuti mwana wanu amagona ngati mwala, belu la m'mamawa limachita kumuvuta. Ndinakondwa, ndinati mankhwala agwira, tibwerera ku London ndi munthu wochira. Kunyumba kwa a Noi anali atayamba kale kuitana achibale a ku ukwati.

Tsiku lotuluka litafika, Noi anasita jinzi ya Fatsani ndi malaya ake abuluu, anaika m'jumbo pamodzi ndi nsapato, tinapita kukachisi. Tinamupeza atakhala pa kathandala pansi pa mtengo uja. Anapempha kuyamba kuyankhula ndi Noi. Ine ndinapita kukaona nsomba pa dziwe la kuseri. Anakhalitsa. Noi atabwera maso ake anali ouma, jumbo ija ili m'manja.

"Akufuna inu," anatero.

Ndinakakhala pa mphasa. Anandiyankhula Chichewa chokhachokha, chopanda liwu limodzi la Chingerezi, chimene anali asanachite chibwerereni ku London.

"Amayi, chimwalirireni bambo, kuno ndi kumene ndagona tulo. Ndikufuna kukhala."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa. Mwina mpaka mvula itatha. Mwina osatulukanso. Sindikufuna kukunamizani."

"Nanga mwana wa eni ake uja wanyamula pilo pamaso pa mudzi wonse?"

"Ndamulakwira kwambiri. Ndamuuza, ndipo wandimva. Koma amayi, ine ndinalowa muno ndi chilolezo chanu. Mukanena kuti tuluka, nsaluyi ndivula lero lomwe, tikakwera ndege tonse, ndipo sindidzakudandaulani."

Ankanena zoona, ndimamudziwa. Liwu limodzi lokha, akanavala jinzi ija. Ndipo zifukwa ndinali nazo zokwanira: ndine wamasiye, mwana wamwamuna ndi yekhayo, dzina la bambo ake, ubatizo wake, misozi ya Noi, pakamwa pa amayi a ku Peckham. Ndinakwiya, ana inu. Ndinakwiyira bambo ake a Noi ndi mwambo wawo, ndinakwiyira nkhalamba yopanda mano ija, ndinakwiyira ngakhale mtengowo. Koma ndinayang'ana manja ake ali pa mawondo, osagwedezeka. Ku wodi kwathu ndinali nditalandirapo anyamata a msinkhu wake, ovala masuti abwino, amene anawapeza atamwa botolo lonse la mapilisi aja. Ena tinawadzutsa, ena ayi. Ndinadziwa munthu amene ndikanabwerera naye ku Woolwich, ndipo sindinadziwe kuti ndikanakhala naye nthawi yaitali bwanji.

"Khalani," ndinatero.

Ndinazimva ndekha zitatuluka kale. Iyenso anamva kuti sindinati khala. Anaweramitsa mutu, ine ndinadzuka, ndinakutumula chitenje, ndinatuluka pageti. Kumukumbatira sikunali kololedwa.

M'mudzimo nkhani inawagawa pakati. Bambo ake a Noi anabwera kudzandipepesa, atagwira chipewa m'manja, akuti iwo anangofuna mkamwini wakupsa, sanafune kundilanda mwana. Koma amayi okalamba ankandiimitsa pamsewu n'kundiphatikizira manja, akuti ndine wodala, mayi wa mmonke ali ndi madalitso osaneneka. Ndinkangowabwezera moni. M'ndege tinali ndi mipando itatu yoyandikana, ine pawindo, Noi kunjira, wapakati wopanda munthu. Titauluka kwa nthawi, Noi anamasula lamba wake n'kusunthira pa wapakatiwo. 

Amake Bwalya sananene kuti ndinakuuzani. Anangondilowera mashifiti awiri kuti ndipume. Kutchalitchi ena anasiya kukhala nane benchi imodzi, kenako anaiwala, anapeza nkhani zina. Noi anadzakwatiwa ndi munthu wabwino patapita zaka, ndipo pa ukwati wake ndinakhala pa tebulo la makolo. Ine ndinapitanso kumudzi kuja kangapo miyendo isanayambe kuvuta. Ndimapemphera kwa Mulungu wanga yemweyo, ndipo mwana wanga ndimamutchula m'pemphero ndi dzina limene ndinamupatsa ine.

Ndiye mukakafika, njovu mukaone, m'nyanja mukasambe, mafoni anuwo akadzaze zithunzi. Koma tsiku lopita kukachisi mukadzuke m'mamawa, mukavule nsapato, mukagwade bwinobwino. Iwe Tadala, usakawathamangire amalume ako ndi manja otambasula monga umachitira ndi aliyense, ukaike mphatso yako pa kansalu. Akapanda kuthokoza musakakhumudwe. Akakafunsa za ine, mukanene kuti ndili bwino, ndikumwa mankhwala anga, ndipo ndimawasowa tsiku lililonse. Chimodzi chokha musakawafunse: kuti abwera liti kunyumba. Woyenera kufunsa zimenezo ndinali ine, ndipo ndinayankha kale.